Hotisipoti ya Abiti Saidi ndi Manda Awiri a ku Thambani

Ana anga, Tamandani ndi Chisomo, mutu uno ndaulemba chifukwa cha zimene zinachitika pa Khirisimasi yapitayi. Iwe Tamandani unatenga foni yanga n'kuitseka ndi pasiwedi kuti anthu a pamudzi pano asamatapeko intaneti, ndipo ine ndinakukalipira pamaso pa mkazi wako. Unanena kuti anthu akundidyera masuku pamutu, kuti mayi wopuma pantchito sangamadyetse mudzi wonse. Sindinakuyankhe bwino tsiku lija chifukwa ndinali nditapsa mtima. Yankho lake ndi ili, ndipo likuyambira kutali.

1988

Ntchito yanga yoyamba inali ya pa ekisichenji ya mafoni, m'kachipinda ka kuseri kwa positi ofesi pa boma la Mwanza. Inu simunazione zimenezo. Munthu akafuna kuyankhula ndi mnzake wa ku Blantyre ankapukusa foni yake, pa bolodi langa n'kuoneka chizindikiro, ine n'kutenga chingwe n'kuwalumikiza awiriwo. Zingwe zambiri zinali zothetheka, zomangamanga ndi tepi, ndipo nthawi ya mvula mitengo ya mawaya inkagwa kumapiri uko, ife n'kumadikira okonza mpaka kutopa. Bwana wanga woyamba anali a Sitima, bambo wamfupi wa dazi, wosaseka wamba, amene ankabwera pa njinga atamanga thalauza ndi timphira m'miyendo. Malamulo awo anali awiri okha. Loyamba, uthenga wa maliro umadutsa patsogolo pa wina aliyense, kaya amene akudikirayo ndi bwana wamkulu wa pa boma. Lachiwiri anandiphunzitsa tsiku lina atandipeza ndikulimbana ndi chingwe, pamene bambo wina wa kumalire anali akufuulabe pa foni yoti yaduka kale. Anandichotsa dzanja pa bolodi n'kunena kuti, "Nangozo, waya akafa, uza mwini wake kuti wafa. Munthu asamayankhule ndi chingwe chakufa." Ndinali mtsikana, ndinangoti ndi malamulo a ntchito. Patapita nthawi ndinazindikira kuti a Sitima, amene ngakhale kutchalitchi sankapita, ankasunga lamulo loletsa umboni wonama kuposa ambiri a ife oyimba kwaya.

2003 mpaka 2020

Atabwera makina olumikiza okha, ife a pa bolodi anatichotsa. Ndinagwirako pa byulo ya mafoni pafupi ndi malire, pakati pa madalaivala a mathiraki ndi anyamata osintha ndalama, ndipo m'zaka zimenezo ndi pamene Ambuye anatenga bambo anu. Kenako ndinalembedwa pa shopu ya kampani ina ya mafoni a m'manja pa boma pomwepo. Dzina la kampaniyo sinditchula. Si mantha, koma sindifuna kuti mutu uno ukhale wa iwo. Ndinkagulitsa masimu, kubwezeretsa manambala otayika, ndi kuphunzitsa azigogo kulowetsa mayunitsi. Magetsi ankazima, masimu ankatha, mabwana ankabwera ndi kupita ngati nyengo, koma ntchitoyo ndinkaikonda chifukwa inali yomwe ija ya pa bolodi, yolumikiza anthu. Ndi ntchito imeneyo imene inakuphunzitsani nonse awiri.

Mukudziwa kuti msewu wathu uno ndi wa ku Joni. Amuna ambiri a m'midzi ya kwa Nthache ndi ku Thambani anatulukira pa malire apa kukafuna ganyu, ndipo chinthu choyamba chimene ankatumiza kwa akazi awo inali foni yaikulu ya intaneti, chifukwa kuyimba wamba kuchokera kumeneko n'kodula. Foni inalipo, koma ya bandulo sinkapezeka sabata iliyonse. Ndiye anthu anapeza njira yawo. Mmodzi akagula bandulo ankatsegula hotisipoti, kutanthauza kuti foni yake inkagawira mafoni a anzake amene ali pafupi. Ine ndinkaiona ngati kupala moto. Kwathu kuno moto ukazima umatenga phale n'kupita kwa mnzako, ndipo palibe anayamba walipiritsa khala lamoto, ngakhale amene anagulitsa nkhunizo sabwera kudzafunsa kuti motowo wapita kunyumba zingati.

Pa Thambani amene ankapalitsa moto umenewu anali Abiti Saidi, mayi wachisilamu wa golosale, wamasiye ngati ine, amene ndinadziwana naye chifukwa akabwera kudzaoda katundu pa boma ankadzera pa shopu yathu. Ankagula bandulo ya mwezi yoitanitsira katundu, ndipo masana akatha kuswali ankaika foniyo pawindo la golosale. Amayi ankadzaza pakhonde, aliyense foni pakhutu, kumvera mawu a mwamuna wake. Iye ankawanyoza kuti nkhani zachikondi azikamvera kuseri kwa chigayo, asamutenthetse mtima munthu woti alibe womuyimbira. Ambiri mwa amayiwo anali Akhristu. Ndikamawerenga za mnansi uja wa mtundu wina amene anaima panjira pamene ansembe analambalala, nkhope imene ndimaona ndi ya Abiti Saidi.

2021

Chaka chimenecho anatitumizira manijala watsopano wochokera ku Blantyre, a Likongwe, wamsinkhu wako Tamandani, waulemu, wa nsapato zosongoka zimene fumbi la Mwanza linkamusautsa nazo. Tsiku lina anatisonkhanitsa tisanatsegule n'kutiuza kuti kulikulu aona kuti anthu akugawana intaneti mopitirira muyezo, ndipo kuyambira mwezi wotsatira bandulo wamba izigwira pa foni ya mwini wake yokha. Wofuna kugawira ena azilipira ina yapadera pamwamba pake. Ndinafunsa ngati munthu amene walipira kale madzi a mu ndowa yake ayenera kulipiranso akafuna kumwetsako mlendo. Anzanga anaseka, a Likongwe nawonso anamwetulira n'kunena kuti amayi Nangozo ulaliki ausunge Lamulungu.

Kulipiritsa kawiriko kunandinyansa, koma chimene chinandiwawa kwambiri chinali kachitidwe kake. Foni ya wogawirayo inkatsegukabe ngati kale. Foni ya wolandirayo inkaonetsabe chizindikiro chakuti yalumikizika. Koma pakati pake panalibe chodutsa. Chinali chingwe chakufa chovekedwa zovala za chamoyo. Chidziwitso chake chinali kauthenga ka Chingerezi kamene kanatumizidwa limodzi ndi mauthenga a mipikisano aja amene aliyense amangofufuta osawerenga. Ndinapempha kuti tipachike chikwangwani cha Chichewa pakhomo, ndiponso tiwauze ogulitsa mayunitsi a m'midzi. A Likongwe anakana. Anati kulikulu sakufuna phokoso, ndipo kasitomala akabwera yekha kudzadandaula ndiye kuti wapsa kale, ntchito yathu ndi kumugulitsa bandulo yapaderayo. Anatipatsanso mawu oyankha: tizinena kuti sisitimu yathu ili bwino, mwina vuto ndi foni yawo. Ine mawu amenewo sindinawagwiritsepo ntchito. Aliyense wofika pa kauntala yanga ndinkamuuza zoona motsitsa mawu. Koma Thambani ndi kutali, ndipo mwezi umenewo Abiti Saidi anagula bandulo yake pa foni pomwepo osabwera pa boma.

M'masiku omwewo kunagwa zovuta. Mwana wa mayi wina amene tinkapemphera naye pa misonkhano ya amayi anamwalira ku Joni, n'kusiya mkazi wamng'ono, Lusiya, ndi ana awiri. Lusiya anali wa chitengwa, ankakhala kwawo kwa mwamuna, ndipo kwawo kwenikweni kunali kutsidya, ku Mozambique. Anzake a malemuyo anasonkha n'kupeza galimoto yobweretsa thupi. Dalaivala anali ndi nambala ya Lusiya yokha, ndipo panjira ankatha kutumiza mauthenga a pa intaneti basi. Uthenga wake womaliza kufika unali wakuti alowa Loweruka masana, ndipo zikasintha anena. Tsiku lililonse Abiti Saidi ankatseka golosale n'kupita kukakhala kunja kwa siwa, foni ili pamiyendo, kuti ya Lusiya ikhale yolumikizika. Lachinayi bandulo yake yakale inatha, n'kugula yatsopano. Foni yake inkagwira bwinobwino, ya Lusiya inkaonetsa chizindikiro chija, ndipo palibe uthenga unabwera. Onse anati kukhala chete ndiye kuti anthu ali panjira.

Ndinapempha tchuthi n'kukwera pikapu Loweruka m'mawa. Ndinapeza adzukulu atamaliza kukumba manda, makasu atawatsamiritsa pamtengo. Tinayimba nyimbo zonse zimene tinkazidziwa, n'kuzibwerezanso. Dzuwa linapendeka, galimoto osaoneka. Anthu anayamba kuyang'ana kumsewu kuposa kwa mlaliki. Pamenepo ndinasendera kwa Abiti Saidi n'kufunsa kuti mauthenga akuwalandira bwanji, ndipo atandionetsa mafoni awiriwo, ndinazindikira chimene chachitika. Ndinatsegula hotisipoti ya foni yanga. Dziwani ichi, ana anga: manambala a ife ogwira ntchito sanawatseke. Nthawi yomweyo foni ya Lusiya inayamba kulira mosalekeza, mauthenga kugwa ngati mango akupsa. Dalaivala anali atanena kuyambira Lachisanu m'mawa kuti galimoto yawonongeka asanafike ku Tete, asakumbe manda, adikire kaye. Anabwereza kangapo, mpaka kufunsa kuti bwanji sakuyankha.

Mlamu wake wa Lusiya, a Gelesomu, mkulu wake wa malemuyo, analanda foniyo n'kuyang'ana. Pa uthenga uliwonse panalembedwa tsiku limene unatumizidwa. Anaikweza m'mwamba kuti anthu aone, n'kunena kuti mkaziyu uthenga anaulandira dzulo koma anaukhalira. Mukudziwa mwambo wa kwathu: manda sagona apululu. Akuluakulu amati dzenje losiyidwa chotsegula limaitana munthu wina wa m'banjamo. Ine chiyembekezo changa chili mwa Iye amene anasiya manda ake apululu n'kuuka, ndipo dzenje sindiliopa, koma tsiku limenelo sindinapite kukaphunzitsa anthu olira. Adzukulu anadula thunthu la nthochi, n'kulitsitsira m'manda, n'kukwirira. Mayi wa malemuyo anaima pamenepo akuona dothi likugwera pa nthochi, n'kunena motsitsa kuti mwana wake amuika kawiri. Thupi litafika anakumba ena pambali pake.

Ndinayesa kufotokoza pomwepo kuti Lusiya sanalandire kanthu. A Gelesomu anandiyankha kuti ine ndine wa mpingo umodzi ndi Lusiya, ndikumuikira kumbuyo, ndipo mawu a pamaliro si mawu a kampani. Anati akafunsa okha ku ofesi, ndipo akakamva kuti netiweki inalipo, Lusiya anyamule zake abwerere kutsidya, ana atsale. Anthu anali atayamba kale kunong'ona kuti mkazi wa ku Mozambique uja anafuna kuchititsa manyazi banja, ena mpaka kunena kuti anafuna dzenjelo limeze apongozi ake. Foni ya Lusiya a Gelesomu anaiika m'thumba mwawo.

Ndinawauza zonse a Likongwe ndisanayambe ntchito tsiku lotsatira lotsegula. Anagwira mutu, ndipo ndikhulupirira kuti chisoni chawo chinali chenicheni. Koma kenako anati nkhani ya maliro ikaphatikizana ndi dzina la kampani n'kufika pa wailesi, woyamba kuchotsedwa ndi iwo, wachiwiri ine. Anandikumbutsa kuti kwanditsalira pang'ono kuti ndipume mwaulemu ndi zonse zondiyenera, ndiponso kuti iwe Chisomo unali usanamalize sukulu. Anati sakundipempha kunama, akungopempha kuti ndinene mawu amene tinapatsidwa, kuti sisitimu inali bwino. Ndinawayankha kuti mawu amenewo akalowa m'khutu la a Gelesomu atanthauza chinthu chimodzi chokha, ndipo iwonso akudziwa. Masiku amenewo ndinapemphera kwambiri, ndipo sindibisa, ndinapempha kuti anthuwo asabwere, kapena abwere ine nditatuluka. Koma m'mutu mwanga munkangobwera azamba aja a ku Iguputo amene anaopa Mulungu kuposa mfumu.

Anabwera tsiku la msika, shopu itadzaza. Kutsogolo a Gelesomu, chipewa kumutu, pambuyo Lusiya atameta ndi kuvala zakuda, ndi Abiti Saidi atamugwira dzanja. A Gelesomu sanafune kuyankhula ndi ine, anafuna bwana. A Likongwe anatuluka, n'kupepesa maliro mwaulemu wonse, n'kunena kuti aona pa kompyuta ndipo netiweki ya ku Thambani inali bwino sabata yonseyo. Zimenezo zinali zoona. Ndi mmene Satana amanamira, ndi choonadi chodulidwa pakati. A Gelesomu anatembenukira Lusiya n'kugwedeza mutu. Abiti Saidi anafunsa kuti nanga bwanji foni ya mwanayu inakhala chete pamene yake inkagwira, ndipo a Likongwe anati mwina ndi masetingi a foniyo, koma pali bandulo ina yabwino kwambiri yogawana imene angawathandize nayo. Anali akugulitsa, ana anga. Pamaso pa mkazi wometa, anali akugulitsa.

Ndinaimirira pa kauntala yanga, nditavala yunifolomu ya kampani, n'kuyankhula mokweza kuti shopu yonse imve.

"A Gelesomu, munati mukufuna mawu a kampani. Ine ndine wa kampani, yunifolomu ndi iyi. Netiweki inalipo, koma ifeyo tinatseka njira pakati pa foni ya mayi awa ndi ya mlamu wanuyu, chifukwa sanalipire kawiri. Tinatseka osawauza, n'kusiya chizindikiro chikuonetsa ngati njira ili yotsegula. Lusiya sanalandire uthenga uliwonse mpaka ine nditatsegula foni yanga pamaliro paja, inu mukuona. Manda aja sanakumbitse ndi iye. Tinakumbitsa ndife."

A Gelesomu anatembenukira a Likongwe.

"Achimwene, inu ndinu bwana. Mayiwa akunama?"

A Likongwe anati nkhani za malamulo a kampani amayankha ndi akulikulu, ndipo atha kuwapatsa nambala yoyimbira.

"Sindinafunse nambala. Ndafunsa ngati akunama."

A Likongwe anayang'ana nsapato zawo zija. Sananene kuti inde, ndipo pa chimenecho chokha ndimawapempherera mpaka lero. A Gelesomu anavula chipewa. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa foni ya Lusiya, n'kumupatsa ndi manja awiri. Anati, "Mlamu, tiyeni kunyumba, ana akudikira." Lusiya sanalire pamenepo. Anangoikumbatira foniyo pachifuwa, pakuti munali mawu onse amene mwamuna wake anamutumizira ali moyo. Abiti Saidi potuluka anaima pakhomo n'kuuza a Likongwe kuti iye wagulitsa mchere zaka zambiri, koma sanayambe watsatira munthu kunyumba kukaona ngati wapatsako mnzake.

2022 mpaka lero

Sanandichotse tsiku lomwelo, makampani sachita choncho. Anandiimitsa kaye, n'kundiitanira ku Blantyre, kumene anthu atatu aulemu kwambiri anandifotokozera kuti ndinaipitsa dzina la kampani pamaso pa makasitomala. Ndinawafunsa ngati pali liwu limodzi labodza pa zimene ndinanena, ndipo anati nkhani si imeneyo. Anandipumitsa nthawi isanakwane, ndipo zina zimene ndikanalandira zinapita. Iwe Chisomo ukukumbuka chaka chimene unakhala pakhomo anzako ali kusukulu, ukugulitsa nane manachesi pamsewu. Sindinakuuze chifukwa chake chonse nthawi imeneyo. Tsopano wachidziwa, ndipo ngati unandikwiyira, unali ndi chifukwa. Chaka chako chimenecho ndimachiwerengera pa mutu pa anthu a kampani aja, osati pa Lusiya.

Abusa anandiuza kuti ndikhululuke, ndipo a Likongwe ndinawakhululukira kalekale, anali mwana wamantha. Koma mkwiyo wanga pa chinthucho sunathe, ndipo sindikhulupirira kuti Mulungu akufuna uthe. Iye amene analamula eni minda kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiyeko zokunkha amasiye ndi alendo, sangasangalale ndi anthu amene anakhala pansi m'chipinda chozizira n'kupangana zolipiritsa khala lamoto. Iye amanyansidwa ndi sikelo yachinyengo, ndipo chizindikiro chonena kuti walumikizika pamene sunalumikizike ndi sikelo yachinyengo. Kaya lamulolo analisintha kwina, kaya likadalipo m'dzina lina, ine sindinamvepo munthu akupepesa.

Lusiya akadali ku Thambani, m'nyumba ya mwamuna wake, ndi ana ake. Ndikapita kumeneko amanditengera kumanda, ndipo timapeza mitumbira iwiri yoyandikana, wina wa munthu, wina wa nthochi. Iye amalambula yonse iwiri.

Ndiye iwe Tamandani, mwezi uliwonse ndimagula bandulo yokhoza kugawira ena, ndipo mwezi uliwonse ndimatukwana mumtima ndikamaigula, kenako n'kupempha chikhululukiro. Foniyo ndimaiika pawindo la kukhonde monga ankachitira Abiti Saidi. Amene amabwera kudzakhala pansi pa windolo sakundibera. Wina akudikira kumva ngati mwamuna wake wadutsa bwino pa malire a Zobue, wina akudikira mawu a mwana wake wodwala, ndipo sindingadziwe kuti ndi uti mwa iwo amene uthenga wake ndi wakuti musakumbe. Pasiwedi ija ndinakaichotsetsa pa boma iwe utangonyamuka. Ukabweranso, ukonze chitseko cha bafa ndi denga la khola, koma foni ya pawindo usaikhudze.